Gule wavala nsalu ya chipani: mwambo kapena ganyu?

Nachisale (woyang'anira gulu): Abale, vidiyo yomwe anaponya a Kondwani m'mawa ija ndaichotsa chifukwa anthu anayamba kutukwanizana za zipani, ndipo lamulo la gulu lino mukulidziwa. Koma funso lomwe lili m'menemo ndi labwino, tisalitaye. Kwa amene simunaione: gule wamkulu akuvina pa msonkhano wa ndale dzuwa lili paliwombo, atamanga nsalu ya chipani m'chiuno, nkhope ya mtsogoleri ili kumbuyo. Woyendetsa mwambo akukuwa pa chimkuzamawu kuti gule afulumire, bwana akuthamangira kwina. Tikambirane mwaulemu. Kumeneku ndi kulemekeza chikhalidwe kapena ndi ganyu? Dzina la chipani lisatchulidwe, poti zonse zimachita.

Kondwani (ku Joni): Ndinaponya dala, amayi. Kuno ndimadzitama kwa anzanga kuti kwathu kuli gule woti ngakhale mfumu imamupatukira panjira. Ndiye mnzanga wina wandionetsa vidiyoyi pa foni yake akuseka, ati ndi ameneyu mumamuopa uja? Manyazi anandigwira. Kwa ine ndi ganyu basi.

Tadala (Ndirande): Ganyu ndi tchimo kodi achimwene? Inuyo ku Joniko mukugwira chiyani?

Kondwani (ku Joni): Ine pa ganyu yanga sindivala chigoba.

A Phiri a ku Mitundu: Iwe Kondwani, samala pakamwa. Chilombo sichivala kanthu, chimachokera kumanda, tathana pamenepo. Za kudambwe saulula, ndiye ine ndinena za pabwalo zokha, zomwe ngakhale mlendo amaona ndi maso ake.

Ine ndakalambira pa mbalule. Nsalu ya chipaniyo yandinyansa ndithu, koma chomwe chandipweteka kwambiri ndi mawu akuti afulumire. Gule safulumizidwa. Ng'oma zimayamba zawambidwa pa moto wa udzu, wina akuziyesa ndi chala mpaka chikopa chilire bwino, phula akhazikike pakati. Kenako mpanje ndi mbandambanda zigwirane, amayi alandire nyimbo, m'manja mumveke. Wa mbalule sayang'ana anthu, amayang'ana mapazi a chilombo. Chikaponda iye amenya, chikaima iye adikira. Tsono tengani Chadzunda. Amalowa m'bwalo akutsimphina, akudzikoka, anthu n'kumanena kuti nkhalamba yatha iyi. Akafika pomwe pali amayi ndi pamene mphamvu zimabwerera, fumbi koboo, bwalo lonse kuimirira. Kukoma kwake konse kuli m'kudikirako. Ku msonkhano wa ndale amakupatsani mphindi zitatu, jenereta ikulira, mnyamata wa zoimbira akuyesa masipika. Pa mphindi zitatu palibe Chadzunda, pamangokhala kudumphadumpha.

Nachisale (woyang'anira gulu): Ee, malume mwatitengera kumudzi.

Mphunzitsi Wopuma (Dedza): A Phiri mwalasa. Koma pali ganizo limodzi lomwe limabwera nthawi zonse pa nkhaniyi, loti kale gule sankalowerera za ulamuliro, andale ndiwo amuipitsa. Limenelo ine ndikulikana. Gule wakhala ali m'nkhani za ulamuliro kuyambira kale, kungoti anali mbali ya onyoza. Simoni ndi ndani? Nkhope yofiira yopsa ndi dzuwa, suti, kayendedwe konyada. Mzungu ameneyo. Maliya anatchuka nthawi imene amishoni ankalimbana ndi gule. Galimoto itayamba kufika m'midzi, gule naye anatulutsa galimoto yake. Ku Mua, komwe ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902, mkangano wa sukulu ndi dambwe unakula mpaka kufika kwa atsamunda m'zaka za m'ma 1920. Ndipo nyimbo za pabwalo sizisiya munthu. Mfumu yokondera pa milandu, mkamwini waulesi, mayi wamiseche, aliyense amamva zake pagulu, ndipo palibe angakasumire chilombo.

Ndiye ine muyeso wanga ndi umodzi. Gule akafika pa msonkhanopo, kodi angathe kutulutsa nyimbo yomunena bwana amene wakhala pa sofa kutsogoloyo, ya mjigo womwe analonjeza, ya mlatho womwe unakokoloka? Ngati angathe, apite, ndipo ine ndikakhala kutsogolo. Ngati sangathe, chimene chapita kumeneko ndi nthenga ndi njiwili zokha.

Tadala (Ndirande): Aimbe zimenezo aone ngati lole yobwererera aipeza.

Mphatso (Kasungu): Moni nonse. Ndawawerengera agogo anga zomwe mukukambazi ndiye akuti ndiwalembere, iwo foni satha. Mawu ndi awo, ine ndikungolemba.

Akuti: ana inu mukudabwa gule lero, ife tinayamba kalekale. Ndinavina nawo monga mbumba. A Ngwazi akamabwera kudzayendera mbewu kapena pa 14 Meyi, tinkayamba kukonzekera milungu isanakwane, masana aliwonse pansi pa mtengo, atcheya a amayi atagwira mndandanda wa mayina. Tsikulo lole imabwera kusanache. Timakwera chiimirire, mwana kumsana, nsalu ya nkhope yawo titavala, yomwe tinagula ndi ndalama yathu. Timafika m'mawa, iwo amafika madzulo. Madzi akumwa umadzisamalira wekha. Ukajomba osadwala, a Youth League amafika pakhomo, ndipo amuna ako ndi amene amavutika kuyankha mafunso.

Akuti koma musalembe kuti tinkangolira ayi. Akalowa m'bwalo litchowa lili m'manja, ife titazungulira, mtima umagunda ndithu. Ine Blantyre ndinamuona koyamba chifukwa chovina. Mwamuna sakanakuletsa ulendo umenewo, ndipo amuna ena ankhanza ankaopa kumenya mkazi poti a Ngwazi anati iwo ndi Nkhoswe ya amayi onse. Nyimbo zambiri timapeka tokha, timangotenga za chimtali ndi za pamtondo n'kusintha mawu. Zomwe sindizikumbuka mokondwa ndi zotukwana nduna zija zinathawa mu 1964. Timaimba mayina a anthu omwe sitinawaonepo, osadziwa kuti analakwanji.

Nyirenda (Mzuzu): Agogo anena chilungamo, Mulungu awasunge. Mayina amene ankatukwanidwawo ena ndi akwathu kuno, monga a Kanyama Chiume. Ndipo poti takamba za gule, ndinene zomwe ena simungakonde. Kwa ife a kumpoto, gule wamkulu pa sitediyamu sanali chikhalidwe chabe. Mu 1968 Chichewa chinakwezedwa kukhala chiyankhulo cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi. Mu 1989 aphunzitsi a kumpoto anauzidwa kuti abwerere kwawo. Ndiye mwana wa ku Rumphi akamaona gule pa chikondwerero cha 6 Julaye, ankaona chikhalidwe cha wolamulira. Ingoma ndi vimbuza zinkavinidwa, inde, koma tinkadziwa kuti mwini phwando ndi ndani.

Kondwani (ku Joni): Yayambika ya mitundu.

Nachisale (woyang'anira gulu): Iyayi a Kondwani, a Nyirenda sanatukwane munthu, anena mbiri. Zisiyeni zikhale.

A Phiri a ku Mitundu: A Nyirenda, ine sindikutsutsani. Ndingowonjeza kuti ifenso a gule tinalipira mtengo wake. Zoona, nthawi ya a Kamuzu ansembe ndi abusa anasiya kutithamangitsa poyera, tinapuma. Koma kuyambira pamenepo chilombo chomwe chimayenera kutuluka usiku pa maliro a munthu wolowa chinayamba kukwezedwa lole masana, ana osameta akuonerera mmene chikukwerera. Akuluakulu athu ankadandaula chamumtima. Akanauza ndani?

Mphunzitsi Wopuma (Dedza): Ndipo musaiwale kuti boma lomwelo lomwe linkakonda magule ndi lomwe linakhazikitsa lamulo lounika mabuku, nyimbo ndi masewero mu 1968. Sewero la ana asukulu limayenera kuonedwa kaye lisanachitike. A Jack Mapanje anamangidwa mu 1987, anakhala ku Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka 1991. Ng'oma yotamanda inali ndi lole ndi mafuta, cholembera chofunsa mafunso chinali ndi selo. Titavota pa 14 Juni 1993 kenako mu 1994, tinauzidwa kuti zovina mokakamiza zatha. Kukakamiza kunathadi. Malole sanathe, anangosintha mtundu wa nsalu.

Mphatso (Kasungu): Agogo akuseka, akuti kusiyana kwake n'kwakuti masiku ano nsalu amapereka ulere.

Tadala (Ndirande): Tsopano ndiyankhuleko ine amene ndili m'munda momwemo. Ndimaimba, ndili ndi kagulu ka anyamata ndi atsikana ovina. Nonse mukukamba za ulemu wa chikhalidwe, palibe watchula lendi. Ndiuzeni komwe woimba wa ku Ndirande angapeze ndalama. Ma CD anafa. Nyimbo ukatulutsa lero, mawa ili pa memori khadi ya aliyense, amene wadyapo ndi mnyamata wa kompyuta pa msika amene akuwotcha nyimbo. Ya COSOMA, bungwe lotolera ndalama za eni nyimbo, imabwera mwa apo ndi apo, ndipo zambiri zimapita kwa mayina akuluakulu. Malo ochitira zisudzo ndi zoimba mu Blantyre ndi angati? Pa French Cultural Centre paja makolo athu ankaonerapo masewero, Afalansa atachoka mu 2011 boma n'kutenga, panawonongeka anthu akuona, kukonza kwake kwatenga zaka ndi zaka. Ndiye shado akabwera n'kunena kuti ndipekere nyimbo ya kampeni, ndikupatsa ya studio ndi yako pamwamba, ine ndimuuze kuti dikirani ndikafunse gulu la pa WhatsApp?

Chaka cha chisankho ndicho chaka chokolola cha oimba. Zaka zinayi zinazo timadya maukwati ndi ma bridal shower.

Kondwani (ku Joni): Ndiye bwana wakoyo akaluza?

Tadala (Ndirande): Umakhala chete miyezi ingapo, kenako umatulutsa ya uzimu.

Nachisale (woyang'anira gulu): Tadala iwe, ndaseka mpaka ana andifunsa.

Tadala (Ndirande): N'zoseketsa koma n'zoona amayi. Ndipo ndikuuzeni mmene ndalama imayendera pa msonkhano, poti ndaziona ndi maso. Envelopu imachoka kwa bwana kupita kwa wamkulu wa kampeni. Iye amachotsapo ya mafuta. Imafika kwa gavanala, achotsapo. Kwa tcheya wa dera, achotsapo. Ikamafika kwa ovina, anthu makumi awiri akugawana ndalama yoti aliyense sangagulire paketi ya shuga, kuseri kwa kalasi, kukuda, wina akuwerenga ndi tochi ya foni, amayi akukangana kuti uyu sanavine anangoimirira. Amene anatuluka thukuta ndi amene amalandira zotsalira. Ngati mukufuna kukwiya, kwiyirani zimenezo.

Wophunzira Malamulo (Zomba): Pang'ono za lamulo. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa mavoti. Koma linasiya khomo lotsekula: zinthu za kampeni monga nsalu ndi malaya, komanso ndalama yoyendera ndi chakudya pa msonkhano, sizikuwerengedwa. Ndiye envelopu ya ovina imangotchedwa ya thiransipoti, nkhani yatha. Ndiponso kufupa wovina ndi mwambo wathu weniweni, palibe khoti lingaletse munthu kuponya ndalama m'bwalo. Kusiyanitsa kufupa ndi kugula n'kovuta pa pepala.

A Phiri a ku Mitundu: Pa pepala n'kovuta, pabwalo n'kosavuta mwana wanga. Kufupa kumabwera gule atavina, ndipo amene wafupayo sanena kuti uimbe chiyani. Ndalama yobwera gule asanatuluke, ili ndi nyimbo yake kale, imeneyo ndi ina.

Che Saidi (Mangochi): Salaam abale. Ife kuno gule wamkulu tilibe, koma nkhani ya aphunzitsi ija ya kunyoza yandikumbutsa beni. Beni anabwera ndi anthu omwe anaona perete wa asilikali a KAR, gulu lankhondo la atsamunda. Yunifomu, wisulo, mamendulo opanga ndi zitsekerero za mabotolo, wina kukhala kaputeni wina sajeni, saluti yokokomeza mpaka munthu kugwa nayo. Azungu ena ankaganiza kuti tikuwalemekeza, pamene anthu akuseka kayendedwe kawo. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi mganda n'chimodzimodzi, kabudula woyera, sokosi zofika m'maondo. Tsono beni wa pa msonkhano lero, saluti ija imapita kwa olemekezeka, yoongoka bwino, yopanda nthabwala. Ana akuvina bwino kuposa ife, miyendo ili ndi mphamvu, koma sakudziwa kuti pamayenera kukhala poseketsa.

Nyirenda (Mzuzu): Che Saidi mwanena zoona za malipenga. Kwathu kunyanja magulu a malipenga, omwe timawatcha maboma, ankapikisana okhaokha, mudzi ndi mudzi, ndipo nyimbo zake zinali zogemulana. Panalibe wolemekezeka woti amuvinire. Olemekezeka anali ovinawo.

Mwale (Katete, Zambia): Muli bwanji a ku Malawi. Ine nikhala pafupi na Mkaika, ndiye Kulamba nimaona chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti. Mafumu a Chichewa a ku Zambia, Malawi na Mozambique onse amabwera kwa Kalonga Gawa Undi, aliyense na gule wake. Andale amabwera ambiri, mu 2007 kunafika mapulezidenti atatu, a Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika na a Guebuza. Koma okonza mwambo amachenjeza kuti makaka a chipani musiye kunyumba. Pamenepo wandale ndiye mlendo, amakhala pomwe amuuza, amadikira nthawi yake. Gule amavinira Kalonga. Ndiye ine niona kuti vuto si kukumana kwa gule na wandale. Funsani kuti bwalo n'la ndani.

Mphunzitsi Wopuma (Dedza): A Mwale, mfundo yabwino, koma tisadzinamize kuti miyambo ya mitundu ilibe ndale. Mulhako wa Alhomwe unayambitsidwa ndi a Bingu ali pulezidenti, ndipo aliyense amadziwa mmene pa Chonde pamakhalira kutengera amene ali m'boma. Umhlangano ku Ntcheu, Umthetho ku Hora, Gonapamuhanya ku Bolero, konseko atolankhani amapita kukawerenga kuti kwabwera nduna zingati ndipo wakhala pafupi ndi ndani. Ku Gonapamuhanya anyamata a zipani anayamba agendanapo miyala. Nsalu ukhoza kuiletsa pa geti, koma amene wagula ng'ombe zodyera alendo amadziwika.

Mwale (Katete, Zambia): Apo nivomera aphunzitsi. Ng'ombe ilibe makaka koma ili na mwini wake.

Mayi Nangondo (Harare): Ife obadwira kuno, makolo athu anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, gule anabwera nawo. Anthu akuno amamuopa, ena amatinyoza naye. Koma kwa ife ndi amene amatikumbutsa kuti tili ndi kwathu, makamaka pa maliro. Magulu ena amapita ku mipikisano ya magule yomwe amakonza a kampani ya mowa, amavina pa siteji, oweruza atagwira mapepala akupereka mamalikisi. Akuluakulu ena amakwiya nazo. Koma achinyamata amati pakanapanda zimenezo bwenzi anzawo atasiya kalekale. Ndiye ndikamawerenga za Tadala ndikumumvetsa. Chinthu chosadyetsa mwini wake, ana sachitola.

Mlangizi (Mchinji): Ndiponyeko mwala wina. Ine ndimagwira ntchito za chitukuko m'midzi. M'madera ena mafumu anagwirizana kuti gule azituluka m'mawa kuthamangitsa ana ojomba kuti apite kusukulu, ndipo makalasi amadzaza. Tagwiritsapo gule pa misonkhano ya katemera, ya Edzi, ya maukwati a ana. Anthu amabwera chifukwa cha ng'oma, uthenga n'kulowa. Pamenepa palibe amadandaula. Koma kunena zoona ifenso timalipira, timasankha nyimbo, timapereka mphindi. Kusiyana kwathu ndi shado kuli pati? Ndikufunsa moona mtima.

Kondwani (ku Joni): Inu mukuphunzitsa anthu zabwino, shado akufuna voti.

Mlangizi (Mchinji): Ifenso timafuna chithunzi cha mu lipoti, achimwene.

Abusa (Nkhoma): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mpingo wathu ndi gule mbiri yake mukuidziwa, sindibisa kuti membala wathu salowa kudambwe. Koma za gule wothamangitsa ana kupita kusukulu ndili nazo ndi mantha ena. Mwana wopita kusukulu chifukwa choopa chikwapu cha Kang'wingwi, tsiku lomwe gule sanatuluke amapita? Ndiponso alipo anyamata ena amene amatseka msewu, kuopseza amayi ochokera kuchigayo, kulanda ndalama apanjinga, onse m'dzina la mwambo. Zimenezo a Phiri muzinenenso.

A Phiri a ku Mitundu: Abusa, ndizinena. Amenewo ndi akuba, ndipo mafumu ambiri analamula kuti gule asatuluke popanda chilolezo cha mwini mzinda. Wotuluka yekha amalipitsidwa mbuzi, ena amaperekedwa kupolisi. Koma onani mmene zimayambira. Mnyamata waona kuti ku msonkhano chilombo chalandira ndalama popanda maliro, popanda chinamwali, popanda mfumu kuitanitsa. Mawa akuti nanga ndidikirirenji msonkhano, msewu suli pompano? Amene anayamba kuika mtengo pa gule si mnyamatayo.

Za a Mlangizi, ine ndiyankha chonchi. Nkhani ya sukulu ija inadutsa kwa mafumu, inakambidwa pabwalo, makolo anavomera. Ana akuthamangitsidwawo ndi athu omwe. Gule kulanga mwana wosamvera ndi ntchito yake yakale. Koma mukabwera ndi nyimbo yolemba kale ku ofesi, ya mawu oti ngakhale amayi akulephera kuilandira, pamenepo mwafanana ndi shado ndithu. Tiuzeni nkhani yake, nyimbo tipeka tokha. Mwina mudzapezamo mawu okunenani inu a mabungwe ndi magalimoto anu, mudzapirire.

Mlangizi (Mchinji): Abwana anga akamva imeneyo lipoti silituluka.

Chikondi (London): Ndabwera mochedwa, ndinali ku ntchito usiku. Nkhani ya kunyoza wamkulu pamaso pake yandikumbutsa chomwe chinaima kuno pa Trafalgar Square kuyambira Seputembala 2022 mpaka 2024. A Samson Kambalu, Mmalawi wophunzitsa zaluso ku Oxford, anaumba chifaniziro cha John Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley, kutengera chithunzi cha 1914. Chilembwe ndi wamkulu kutalika, mzunguyo wamng'ono, ndipo Chilembwe wavala chipewa, chinthu chomwe munthu wakuda sankaloledwa kuchita pamaso pa mzungu nthawi imeneyo. Pakati pa mzinda wa atsamunda enieniwo, ndi chilolezo chawo, ndi ndalama zawo. A Kambalu amanena poyera kuti luso lawo limachokera ku nyau. Ndiye kulandira ndalama ya wamkulu sikuti nthawi zonse kumatseka pakamwa.

Tadala (Ndirande): Asisi, kumeneko akakupatsa ndalama sakuimbira foni usiku kuti vesi yachiwiri uisinthe.

Mphunzitsi Wopuma (Dedza): Ndipo kuno tili ndi mbiri ya zomwe zimachitikira wokana kusintha vesi. Evison Matafale anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, atamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula boma. Imeneyo inali nthawi ya zipani zambiri kale. Njira ina yomwe aluso athu atsata ndi kulowa okha m'ndalemo. Du Chisiza Jr anakhalapo nduna chakumapeto kwa ulamuliro wa MCP. Lucius Banda anakhala phungu ku Balaka mu 2004, pambuyo pake mlangizi wa pulezidenti. A Michael Usi, omwe dziko lonse linawadziwa ngati Manganya pa Tikuferanji, anafika pa wachiwiri kwa pulezidenti mu Juni 2024. Aliyense aweruze yekha ngati mawu awo anakula kapena anachepa atalowa m'katimo. Ine ndili ndi maganizo anga koma woyang'anira gulu andichotsa.

Nachisale (woyang'anira gulu): Mwadziwa bwino aphunzitsi.

Kondwani (ku Joni): Nanga za UNESCO zija zinatithandiza chiyani? Paja amati gule ndi chuma cha dziko lonse lapansi.

Mphunzitsi Wopuma (Dedza): Analengeza mu 2005, pamodzi ndi vimbuza, n'kuzilemba m'kaundula wawo mu 2008. Tchopa analowa mu 2014. Ulemu ulipo, alendo amabwera, ndipo amene akufuna kuona kuchuluka kwa zilombo apite ku Kungoni ku Mua komwe kuja, komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa malo osungira chikhalidwe mu 1976. Mpingo womwe unkalimbana ndi gule ndi umene unasonkhanitsa mbiri yake mosamala kuposa boma. Koma satifiketi ya UNESCO siuza tcheya wa chipani kuti gule apatsidwe ola lathunthu, ndipo siigulira wa ng'oma chikopa.

A Phiri a ku Mitundu: Chikopa cha ng'ombe pano tikulimbirana ndi ophika, akuti ndi ndiwo.

Mphatso (Kasungu): Agogo akufunsa kuti kodi pa gulu pano alipo mayi amene amavina pa misonkhano masiku ano? Akuti amuna mwayankhula zambiri za gule wanu, koma amene amadzaza bwalo pa msonkhano uliwonse ndi amayi.

Nabanda (Area 25): Ndilipo, ndimangowerenga. Ine ndimavina, ndipo nsalu ndili nazo za zipani zitatu, sindibisa. Ina ndimaberekera mwana, ina ndinasokera katani. Pa tsiku lovota m'kachipinda muja ndimakhala ndekha. Amene akuganiza kuti wandigula ndi nsalu, ndi nkhani yake. Ndipo musaganize kuti sitinena. Nyimbo ili m'kati wotsogolera amatha kulowetsamo mzere wa mtengo wa feteleza kapena wa mankhwala osowa kuchipatala, ife n'kulandira mokweza, tikumwetulira, chiuno chikugwedezeka. Bwana amaombera m'manja poti sakumvetsera mawu. Atcheya ndi amene amatituzulira maso. Ulendo wina anatidula pakati, ndipo tsiku limenelo ya sopo sitinaione.

Mphunzitsi Wopuma (Dedza): Mayi Nabanda, ndiye kuti muyeso wanga uja amayi mukuukwanitsa kuposa gule.

Nabanda (Area 25): Ife tilibe chobisira nkhope, aphunzitsi. Atcheya amadziwa pakhomo panga, amadziwanso kuti dzina langa lili pa mndandanda wa makuponi. Ndiye timanena mzere umodzi, kwinako timatamanda. Gule amene palibe angamuloze chala kuti ndi uje, akuopa chiyani?

Kondwani (ku Joni): Malume Phiri, funso ilo.

A Phiri a ku Mitundu: Ndalimva, ndipo landilowa. Chilombo sichiopa munthu. Amene amaopa ndi mwini mzinda, poti iye ndi amene analandira envelopu, ndipo mswahara wake umachokera kuboma. Chilombo chikanena bwana, amene aitanidwe kwa a DC ndi mfumu. Loweruka lino tili ndi msonkhano wa eni mizinda ndi akuluakulu a kudambwe m'dera lathu. Ndikanena zitatu. Gule asavale nsalu ya chipani chilichonse. Woitana gule abwere iye kubwalo lathu, osati gule kukwera lole. Nyimbo asatisankhire.

Wophunzira Malamulo (Zomba): Mukagwirizana zilembedwe, malume, mafumu onse asaine. Zapakamwa zimasungunuka kampeni ikayamba.

Tadala (Ndirande): Muwonjezepo yachinayi, ndalama izifika m'manja mwa ovina ndi a ng'oma, isamadutse kwa tcheya.

Nachisale (woyang'anira gulu): Malume mudzatiuze mmene zidzathere.

A Phiri a ku Mitundu: Ndidzakuuzani. Kungoti ndamva kuti shado wina wapereka kale theka la ndalama ya msonkhano wa mwezi wamawa, ndipo anyamata agulira kale nsanza ndi utoto, yotsala anamwera. Ndiye Lowerukalo tikayamba ndi kukambirana kuti abweze ndani.